Mtengo wa Munthu

Pali funso limodzi limene munthu ali yense wotsiriza sukulu adzakomana nalo, afune asafune. Funsolo ndi ili: kodi nchito ya manja anga mtengo wace ndi wotani, ndipo ndani ayenera kuuchula? Ine funso limeneli sindinaliphunzire m'kalasi iai. Ndinaliphunzira pa khonde la nyumba ina ku Los Angeles, m'dziko la Amereka, kwa bambo wina wokalamba amene anali kukonda masewera ochedwa baseball. Ndifuna kukusimbirani za iwo, anzanga, ndi za makani amene anali kucitika pa khonde limenelo.

Ndinafika mu mzindawo m'caka ca 2012 kudzaphunzira. Popeza ndarama zinali zondicepera, ndinapeza kacipinda kotsika mtengo kuseri kwa nyumba ya bambo ameneyu. Usana ndinali ku sukulu, madzulo ndinali kugwira nchito pa malo ena ocapira zobvala. Mwini nyumbayo anali munthu wakuda wobadwira ku Louisiana, amene anayendetsa basi zaka zambiri mpaka maso ao anayamba kucita khungu. Akazi ao anali atamwalira kale. Ine ndinali kuwachula Bambo, ndipo iwo anali kunditi mwana wao, ngakhale panalibe cibale ciri conse pakati pathu.

Masewera a baseball ali motere. Pali magulu awiri, liri lonse la anthu 9. Wina aponya kampira kolimba, kokwana m'dzanja, ndipo wa gulu linalo ayesa kukamenya ndi cibonga. Akakamenya athamanga kuzungulira ngondya zinai za bwalo, ndipo akabwerera pamene anayambira, gulu lace lapata cigoli. Masewera amodzi ali ndi zigawo 9. M'bungwe lalikulu la Major League Baseball muli magulu 30, ndipo liri lonse lisewera masewera 162 pa caka; pambuyo pace opambana alimbirana ukatswiri mu mpikisano wa World Series. Poyamba ndinaona ngati ndi masewera a ulesi, pakuti anthu aima nthawi yaitali osacita kanthu. Koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Dzuwa likapendeka, Bambo anali kuturutsa mpando ndi kawailesi kakang'ono ka m'manja, nakhala pa khonde kudikira liu la Vin Scully. Munthu ameneyu anayamba kuulutsa masewera a gulu la Dodgers m'caka ca 1950, ali mnyamata wa zaka 22, gululo likali ku Brooklyn mu New York. Pamene mwini gulu, Walter O'Malley, analisamutsira ku Los Angeles, kumene linayamba kusewera m'caka ca 1958, Scully anasamuka nalo. Bambo anandiuza kuti m'zaka zoyamba zija gululo linali kusewera m'bwalo la Coliseum, lalikulu kotero kuti wokhala kumbuyo sanali kukaona bwino kampira. Conco anthu anali kudza ndi mawailesi ao, maso ali pa bwalo, makutu ali kwa Scully. Inu amene munamva akulu anu akusimba za malemu Dennis Liwewe, ndi momwe mudzi wonse unali kusonkhana pa wailesi imodzi kumvera mpira wa miyendo, mudziwa cimene ndiri kunena. Koma Liwewe anali kupfuula mpaka mau kusasa, pamene Scully anali kulankhula pang'onopang'ono monga mkulu wosimba nthano pa moto.

Tsiku limene Bambo anali kulikumbukira koposa linali la 8 April 1974. Pa tsikulo Hank Aaron, wosewera wakuda wa gulu la Atlanta, anamenya mpira kuuturutsa kunja kwa mpanda kacikhala ka 715, naposa ciwerengero ca Babe Ruth ca 714, ndipo anacita zimenezi posewera ndi Dodgers. "Mwana wanga," anatero Bambo, "Scully ananena mau ocepa cabe, nakhala cete kuti ife timve mkokomo wa anthu. Atayambanso, ananena za munthu wakuda amene anali kuomberedwa m'manja m'dera la kumwera, kumene ine ndinabadwira, kumene atate anga sanali kuloledwa kulowera pa khomo la kutsogolo. Ndinaimika galimoto pambali pa mseu ndi kulira."

Pa Sondo masana, anthu atabwerako ku chalichi, khonde lija linali kusanduka bwalo la milandu. Anali kudza mdzukulu wa Bambo, mnyamata wa msinkhu wanga, ndiponso mkulu wina wa nyumba yoyandikana nayo, amene anakulira ku Oakland ndipo mtima wace unali pa gulu la Athletics. Caka cimene ndinafikaco gulu la Dodgers linali litangogulidwa ndi eni atsopano pa mtengo wa madola 2 biliyoni, ndipo iwowa anayamba kutenga osewera a malipiro akulu. Mdzukulu uja anali kukondwera kwambiri. "Agogo," anali kutero, "ife tilipira ndarama zambiri pa cipata. Tifuna kuziona ndaramazo pa bwalo, zisathere m'thumba la mwini gulu." Mkulu wa ku Oakland anali kupukusa mutu nati, "Kumeneko si kupambana, mphwanga, koma kugula. Gulu lathu linapambana masewera 20 motsatizana m'caka ca 2002 ndi malipiro ocepa. Koma mwana akangochuka, olemera adza namtenga. Tilera ife, adyerera ena." Mnyamatayo anali kumkumbutsa za World Series ya 1988, pamene Dodgers inagonjetsa Athletics, ndipo mkuluyo anali kunyamuka ngati afuna kupita kwao, nakhalanso pansi.

Ine ndinali ndi maganizo anga, ndipo tsiku lina ndinawaturutsa. Ndinati, "Bambo, kodi si camanyazi kuti munthu alandire mamiliyoni kaamba ka kumenya kampira, pamene mphunzitsi ndi namwino abvutika kulipira nyumba?" Bambo anatembenuzira nkhope kwa ine nati, "Uli kunena zoona kuti namwino alandira zocepa. Koma tandiuza: ndarama zimene wosewera sanalandire, uganiza zipita kwa namwino? Anthu 50,000 akalipira pa cipata, ndaramazo zilipo kale. Cotsala ndi cakuti atenge ndani, wothamanga pa bwalo kapena wokhala m'ofesi." Ndinasowa coyankha, ndipo iwo anayamba kundisimbira mbiri imene ndiri kukupatsani pano.

Kale m'mapangano a osewera munali mau akuti wosewera ndi wa gulu lace mpaka gululo litamtaya. Lamulo limeneli linayamba m'caka ca 1879 ndi osewera owerengeka, nilikula mpaka linagwira onse. Pangano likatha, munthu sanali kuloledwa kukafuna nchito ku gulu lina. Eni gulu anali kumchulira malipiro, ndipo akakana anali kukhala pansi osasewera konse. Analinso ndi mphamvu ya kumgulitsa monga tigulitsa ng'ombe. Babe Ruth yemwe, wochuka koposa onse, anagulitsidwa ndi Boston Red Sox ku New York Yankees pa madola 100,000 kumapeto kwa caka ca 1919. M'caka ca 1966 oponya awiri a Dodgers, Sandy Koufax ndi Don Drysdale, anapangana kukana kusaina mpaka malipiro atakwera. Anakhala masiku 32 osapita ku nchito, ndipo Koufax anapata madola 125,000, Drysdale 110,000. "Ine ndemwe ndinawanyoza," anatero Bambo, "ndinati ndi adyera. Cikhalireco ndinali m'bungwe la anchito a mabasi, ndipo ife tikafuna kukweza malipiro tinali kucita cimodzimodzi. Munthu aona msanga dyera la mnzace." Caka comweco osewera anasankha Marvin Miller, amene anagwirapo nchito m'bungwe la anchito osula zitsulo, kuti atsogolere bungwe lao.

Dzina limene Bambo anali kulichula ndi ulemu waukulu linali la Curt Flood. Iyeyu anasewerera St. Louis Cardinals zaka 12, ndipo mu October 1969 anauzidwa kuti waperekedwa ku Philadelphia Phillies. Flood anakana. Analembera mkulu wa masewerawo, Bowie Kuhn, kalata yonena kuti iye si katundu woti agulidwe ndi kugulitsidwa osamfunsa. Malipiro ace anali madola 90,000 pa caka, ndipo ocemerera ambiri anamseka kuti munthu wolandira zotere angadandaule ciani. Mlandu unakafika ku bwalo lalikulu koposa la milandu la Amereka, ndipo m'caka ca 1972 sunamkomere. Mwa osewera amene anali pa nchito masiku amenewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaima kumcitira umboni. Anaima ndi opuma, ndipo mmodzi wa iwo anali Jackie Robinson, munthu wakuda amene anatsegula khomo la masewerawa kwa anzace m'caka ca 1947. Nchito ya Flood inafota. Koma mu December 1975 woweruza mikangano ya pa nchito, Peter Seitz, anamasula oponya awiri, Andy Messersmith ndi Dave McNally, ndipo m'caka ca 1976 panalembedwa pangano lolola wosewera amene wagwira zaka 6 kudzisankhira gulu. Malipiro akulu amene timva lero anayambira pamenepo. Anabzala mtengo ndi Flood, zipatso anadya ena.

Mkulu wa ku Oakland sanali kutsutsa mbiri imeneyi, koma anali kunena kuti payenera kukhala malire a ndarama zimene gulu limodzi lingalipire osewera, monga ziri m'masewera ena a ku Amereka. Eni magulu anafunadi lamulo lotere m'caka ca 1994. Osewera anakana nanyanyala nchito kuyambira pa 12 August, ndipo caka cimeneco kunalibe World Series, cinthu cimene cinali cisanacitike kuyambira 1904. Bambo anali kumyankha kuti, "Malire a malipiro a wanchito ndawamva. Nanga malire a phindu la mwini gulu awaika liti?" Apa mkulu uja anali kuseka, pakuti naye sanali kukonda eni magulu.

Nkhani zimenezi zinandikhudza ine mwini m'caka canga cacitatu. Pa malo ocapira paja ndinali kugwira nchito popanda pangano lolembedwa, ndipo mwini malo anali kukonda kunena kuti pano tiri ngati banja limodzi. Sanali munthu woipa, koma malipiro sanakwere konse. Tsiku lina ndinapeza nchito ina ya malipiro abwinopo, yokhala ndi pepala losaina, ndipo ndinagwidwa ndi manyazi. Ndinaganiza kuti kucoka kudzakhala kusayamika munthu amene anandilandira ndiri mlendo. Nditawauza Bambo, anakhala cete kanthawi nati, "Jackie Robinson anasewerera Dodgers zaka 10, napirira kutukwanidwa m'mabwalo onse kaamba ka gululo. Mu December 1956 anampereka ku Giants, adani ao eni eni. Iye anasankha kupuma. Mwana wanga, wolemba nchito akayamba kunena za banja, uyang'ane bwino pepala. Ngati mwini malo akukonda, mfunse akweze malipiro. Akakana, umtsazike mwaulemu, upite." Ndinamfunsa, anakana, ndipo ndinamtsazika mwaulemu.

Koma musaganize kuti ndarama zambiri zija zinatibweretsera cimwemwe cokha. Walira mvula walira matope. Gawo lalikulu la cuma ca magulu amenewa licokera ku makampani a wailesi ya kanema, amene agula ufulu woonetsa masewera. Kuciyambi kwa caka ca 2013 gulu la Dodgers linapangana ndi kampani ina pangano la zaka 25, la madola oposa 8 biliyoni. Kuti kampaniyo ibweze ndarama zace, inachula mtengo waukulu kwa makampani ena ofikitsa zithunzi m'nyumba za anthu, ndipo iwo anaukana. Conco kuyambira 2014 nyumba zambiri za mu Los Angeles, pamodzi ndi yathu, sizinathe kuona masewera a gulu la mu mzinda mwao, ndipo mkanganowo unatha mu April 2020. Njobvu zikamamenyana, ubvutika ndi udzu.

Kwa munthu wosaona bwino cithunzi sicinali kanthu, koma bvuto linali ili: m'zaka zimenezo liu la Scully linali kumveka pa wailesi wamba m'zigawo zitatu zoyamba zokha, ndipo zigawo zotsalazo anali kulankhula pa wailesi ya kanema yokha. Kale cigawo cacitatu cikatha Bambo anali kulowa m'nyumba kukapitiriza kumvera. Tsopano analibe kolowera. Anali kukhalabe pa khonde, nacepetsa mau a kawailesi kaja. Oulutsa enawo sanawanyozepo, anali kungoti, "Ndi ana abwino, koma sadziwa kukhala cete." Mdzukulu uja, amene anali kutamanda cuma ca gulu lace, anaona tsopano kumene cumaco cinali kucokera, ndipo pa nkhani imeneyi sanali kuonjezapo mau.

Scully anapuma m'caka ca 2016, ali ndi zaka 88, atagwira nchito ndi gulu limodzi zaka 67. Masewera ace 6 otsiriza anaonetsedwa pa wailesi ya kanema imene munthu ali yense apeza popanda kulipira. Otsiriza eni eni anali pa 2 October ku San Francisco. Tsiku limenelo Bambo anabvala malaya ao a ku chalichi, ndipo tinakhala m'nyumba anthu anai, mkulu wa ku Oakland pamodzi nafe. Masewera atatha ndinawafunsa kuti, "Bambo, munandiuza kuti ndicoke pa nchito, koma lero muli kulemekeza munthu cifukwa sanacoke. Zigwirizana bwanji?" Anati, "Uyu akadafuna akadapita kuli konse, pakuti dziko lonse linali kulidziwa liu lace. Anakhala cifukwa anafuna. Osewera akale aja anali kukhala cifukwa anali omangidwa, ndipo ife tinali kuwatama kuti ndi okhulupirika. Mbuzi ya pa cingwe sitiitama kuti ikonda khola."

Bambo anamwalira m'caka ca 2019, ndipo sanaone gulu lao likutenganso ukatswiri m'caka ca 2020, nthawi yoyamba cicokere 1988. Scully anawatsatira pa 2 August 2022, ali ndi zaka 94. Ine ndinabwerera kwathu, koma nkhani za masewerawa ndikali kuzilondola. Mu December 2023 Shohei Ohtani wa ku Japan, amene aponya ndiponso amenya, anasaina ndi Dodgers pangano la zaka 10 la madola 700 miliyoni. Anabvomera kulandira madola 2 miliyoni okha pa caka, kuti otsalawo, 680 miliyoni, adzalandire kuyambira 2034 kufikira 2043, ndipo potero gulu linatsala ndi mpata wolembera ena. Patapita caka cimodzi Juan Soto anasaina ndi New York Mets pangano la zaka 15 la madola 765 miliyoni. Kufikira m'caka ca 2025 panalibe malire a malipiro, koma panali msonkho wa gulu lopyola muyeso. M'caka ca 2024 muyesowo unali madola 237 miliyoni, ndipo Dodgers inalipira msonkho wa madola 103 miliyoni. Inatenga ukatswiri mu 2024 ndi mu 2025.

Mdzukulu uja anandilembera mokondwera. Koma ndinaganiziranso mkulu wa ku Oakland. Pa 13 June 2023 ocemerera a kumeneko oposa 27,000 anadzaza mipando dala, kuti aonetse kuti bvuto silinali kusowa kwa anthu okonda gulu. Sizinathandize. Athletics, imene inakhala mu mzindawo kuyambira 1968 nitenga ukatswiri kanai, inasewera masewera ace otsiriza kumeneko pa 26 September 2024, nisamuka. Cimene cinagwera anthu a ku Brooklyn, amene bwalo lao la Ebbets Field linagwetsedwa m'caka ca 1960, cinagwera iwonso. Ndipo gulu limene Bambo anakondwera nalo zaka 60 linali lomwe lija anthu a ku Brooklyn analilira.

Mukandifunsa amene anali kunena zoona pa khonde paja, ndidzati ali yense anagwira mbali yace. Mnyamata uja sanalakwe kufuna kuti ndarama za pa cipata zioneke pa bwalo. Mkulu wa ku Oakland sanalakwe kunena kuti mpikisano wa wolemera ndi wosauka usowa kukoma, ngakhale ndarama sizigula zonse: Mets inali ndi malipiro akulu koposa magulu onse m'caka ca 2023, koma inagonja masewera ambiri kuposa amene inapambana. Ngakhale ine sindinasiye kudabwa kuti dziko lilipira womenya mpira koposa namwino. Koma ndinasiya kukwiyira wosewera. Iye ali ndi bungwe ndi pangano. Mwini gulu ali ndi malamulo ndi maloya. Amene alibe pepala liri lonse ndi wocemerera, amene apereka ndarama ndi mtima zaka zonse, ndipo gulu likasamuka kapena liu likazimitsidwa palibe amfunsa.

Inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu, mwina simudzaona masewera a baseball ndi maso anu, koma pepala la nchito mudzaliona. Muliwerenge lonse musanasaine, ndi mau ang'onoang'ono omwe. Mufunse kuti likatha mudzakhala omasuka kapena iai. Musacite manyazi kuchula mtengo wa nchito yanu, ndipo mnzanu akauchula wace musafulumire kumuyesa wadyera. Mukapeza malo okukomerani, khalani pamenepo ndi mtima wonse, ngakhale zaka 67, koma mukhale cifukwa mwasankha.

Pamene tinali kulongosola katundu wa Bambo, mdzukulu wao anandipatsa kawailesi kaja. Ndiri nako kuno kwathu, ndipo kakali kulira ndikaikamo mabatire. Baseball sikaigwira iai, kagwira mpira wathu wa miyendo. Madzulo a Loweruka nditurutsa mpando pa khonde ndi kukayatsa, ndipo woulutsa akayamba kupfuula kosalekeza, ndicepetsako mau pang'ono monga anali kucitira Bambo.